Nyale yapepo pamwamba pa bedi la amayi

Ababa anali munthu wokhulupirira kuti chinthu chikaonongeka ndiye kuti penapake waya waduka. Ankakonza mawailesi pa kabenchi kawo mumsika wa Ndirande, ndipo kunyumba kwathu kunalibe chinthu chimene sichinalaweko sikuludiraiva yawo. Amayi ankati tsiku lina adzatitsekula ndi ife ana kumsana kuti aone chimene chimatichititsa ulesi.

Inali nthawi imene anthu anayamba kugwetsa mitengo ya m'phiri masanasana, amvekere ndi ufulu wa matipate, woletsa palibe. Amayi nawo ankapita kukatola nthambi zotsala. Tsiku lina potsika anaterereka ndi mtolo, namenyetsa mutu pamwala. Anadzuka okha, anafika pakhomo, mpaka anatiphikira. Koma patapita masiku anayamba kusokoneza mayina athu, dzanja lamanja likugwetsa kapu. Ku chipatala chachikulu anati magazi aundana m'mutu, ayenera kuboola chigaza kuti awachotse. Ine, poti ndinali mwana wamkazi wamkulu, ndinakhala gadiyani wawo.

Dokotala anatiuza mosabisa. Kuboolako sikunkamudetsa nkhawa kwenikweni. Chimene ankaopa ndi chilonda, chifukwa tizilombo tikalowa pamenepo, ubongo uli pafupi.

Tsiku la opaleshoni ababa analephera kukhala pansi. Ankangoyendayenda pakhonde la ku fiyeta, chipewa chili m'manja. Kenaka ndinawaona atakakamira pa kagalasi ka chitseko china. M'chipindamo munalibe munthu, koma munkayaka chubu chowala mwapepo. Anesi ena achikulire akudutsa, ababa anawaimitsa.

"Pepani asisitala, nyale iyi bwanji mtundu wotere?"

"Imeneyo imapha tizilombo, bambo, tosaoneka ndi maso. Timayatsa musanalowe munthu, kuti wodwala akamang'ambidwa chilonda chisalowe zoipa."

"Kuwala kokha basi?"

"Kuwala kokha."

Ndinaona nkhope ya ababa ikumasuka kwa nthawi yoyamba chigwereni amayi. Za magazi ndi ubongo sankazidziwa, koma za magetsi inali ntchito yawo.

Opaleshoni inayenda bwino. Amayi anatsitsimuka, anandiitana dzina langa lenileni, nandikalipira kuti mpango wanga ndi wakuda. Ndinalira ndi chimwemwe. Atatitulutsa tinabwerera ku nyumba yathu ya zipinda ziwiri, ngalande ikudutsa pakhomo penipeni, fumbi ndi ntchentche zosatha. Ababa anayang'ana bandeji ya amayi, nayang'ana ngalande ija. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mawa lake anabwera ndi chubu atachikulunga m'nyuzipepala ngati khanda.

Anakachipempha kwa mnzawo wa botolo sitolo, mwa machubu aja amene amayatsa povinira kuti malaya oyera aziwala. Anachipachika ndi waya ku mtanda wa denga, pamwamba pa bedi. Anayeza, anatsitsa, anakwezanso. Pawindo anatchinga ndi bulangete kuti dzuwa lisachepetse mphamvu ya nyale. Atayatsa, bandeji ya amayi inawala mbee, mano awo nawonso, nkhope yonse ili bii.

"Inu bambo inu," amayi anatero, "moyo wanga wonse sindinapondeko ku disiko, lero mwandibweretsera pabedi?"

Tinaseka mpaka amayi anagwira mutu kuti tisawaseketse. Amayi a mvano atabwera kudzazonda, mabulauzi awo oyera anawala ngati mizukwa, ndipo mmodzi anaimba nyimbo yonse atatsinzina. Potuluka ndinamva akunong'onezana kuti nyumba ya mkhristu siyaka zotere. Zinandipsetsa mtima. Iwo anabwera ndi mapemphero, ababa anabwera ndi chubu, ndipo aliyense anabweretsa chimene anali nacho.

Nyaleyo sinkathima. Magetsi akazima ababa ankasiya benchi kumsika, kuthamangira kunyumba, n'kukhala pakhomo la kuchipinda akukupiza ntchentche ndi katoni mpaka ayakenso. M'mawa uliwonse ankapukuta chubucho ndi kansalu. Kunena zoona, inenso ndinkachikhulupirira. Ndinkatsuka manja, kusintha bandeji monga anandiphunzitsira kuwodi, mtima uli m'malo kuti pamwambapo pali china chikutilondera.

Chinayamba ndi fungo. Kenaka amayi anati mutu ukuwawa, thupi linatentha, khosi linauma. M'kuwala kwapepo kuja chilonda chinkaoneka chimodzimodzi tsiku ndi tsiku. Masana ena ndinachotsa bulangete pawindo, dzuwa linalowa m'chipinda, ndipo ndinachiona bwino chilondacho. Mozungulira ulusi umene anasokera monse munali mutatupa, mafinya akutuluka pakona. Ndinathamanga wopanda nsapato kukaitana ababa kumsika.

Kuchipatala anayesetsa. Anatsekulanso chilonda, anatsuka, anawaika madiripi ndi majakisoni. Amayi sanalankhulenso zomveka. Ndinkawanyowetsa milomo ndi thonje, ndikuwauza nkhani za kwathu zimene sankazimva. Ababa ankafika nthawi yoona odwala, n'kuima kumiyendo kwa bedi, manja ali kumbuyo. Pamenepo panalibe choti angatsekule.

Tsiku lina ndikuchapa kumpopi wa magadiyani ndinaona anesi achikulire aja. Ndinawafotokozera za chubu chathu.

"Mwanangu, nyale ya kubotolo sitolo ija siipha ngakhale nyerere. Mtundu wokha ndiwo ukufanana. Yathu ija ndi ina, ndipo ukakhala pansi pake imakuotcha khungu ndi maso."

"Ndiye kuti ndi imene yawapweteka?"

"Ayi. Sinawapweteke, sinawathandize. Zilonda zina zimavuta ngakhale titachita zonse. Mwina mukanaona msanga, mwina ayi. Zimenezo adziwa ndi Mulungu."

Ndinabwerera kuwodi zovala zikudontha, mawu amenewo ndili nawo ndekha. Ndinakwiya, koma sindinkadziwa woti ndimukwiyire.

Amayi anatisiya Lamlungu m'mawa, anthu ali kutchalitchi. Za maliro sindikumbuka zambiri, koma ndimakumbuka kuti abale ochokera ku Mulanje atadzaza m'nyumba, wina anachotsa chubu chija n'kuchiika pansi pa bedi kuti chisasweke. Palibe anafunsa kuti chinali cha chiyani.

Maliro atatha, ine ndi ababa tinapita kuwodi kukatenga beseni ndi bulangete zimene tinasiya m'chipwirikiti chija. Pobwerera minibasi inatitsitsa pamsika, ndipo tinayamba kukwera mtunda wopita kwathu. Ababa anali patsogolo, beseni lili m'khwapa. Anali atachepa thupi moti jekete linkaoneka lobwereka. Pafupi ndi mjigo anaima, osatembenuka.

"Iwe mayi," anandiitana choncho, monga ankachitira akafuna kulankhula zakukhosi. "Ndakhala ndikuganiza. Nyale ya kuchipatala ija inali m'munsi ndithu, pakhoma. Ine ndinapachika kudenga. Kapena ndinaiika patali?"

Azimayi ankatunga madzi, ana ankamenya mpira wa mapepala, ndipo ine ndinali ndi yankho lonse pakamwa. Ndinayang'ana manja awo, zala zodzaza zipsera za chitsulo chowotcherera mawaya, zitagwira beseni la amayi.

"Ayi ababa," ndinatero. "Munaiika pabwino."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nasinthira beseni kukhwapa lina.

"Ndiye kuti inali nthawi yawo," anatero.

"Inali nthawi yawo, ababa."

Tinapitiriza kukwera mtunda, iwo patsogolo, ine pambuyo ndikulira mosatulutsa mawu kuti asandimve.