Mwala wa Masamba Umene Anaukwecha

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu yathu inasiya masamu n'kuyamba kutola miyala. Ndi nthawi ija akuluakulu ankatsutsana za chitaganya cha maiko atatu pansi pa mtengo uliwonse, koma ife ana nkhani yathu inali ina. Sukuluyo inali ya udzu, cha kumtunda kwa Nsaru, m'mphepete mwa dambo limene linkanunkha matope ndi ndowe chaka chonse, ndipo inkathera Sitandade 3. Wofuna kupitirira ankayenera kupita kusukulu yogonera konko ya ku mishoni, ndipo kumeneko sankalandira mwana popanda mawu a aphunzitsi aakulu. Aphunzitsi aakulu athu anali a Kanyemba. Ine ndinali mtsikana yekhayo amene anafika Sitandade 3, ndipo masamu ndinkawaposa anyamata onse. Sindikudzitama, ndikungonena zimene zinalipo. Ndinkafuna kupita ku mishoni kuposa china chilichonse, chifukwa ndinkadziwa chimene chinkadikira mtsikana wotsala pamudzi: khasu, mtondo ndi mwamuna wosankhiridwa.

Matenda a miyala a Kanyemba anawatengera kwa mzungu wina woyeza nthaka. Galimoto yake inatitimira m'dambo lathu nthawi ya dzinja, ndipo pamene ife tinkaikankha matope ali m'mawondo, mwini wake anakhala pakhonde la aphunzitsi n'kumawaonetsa kabokosi ka miyala. Sinali miyala wamba. Wina unali ndi chithunzi cha tsamba, wina unali ndi nkhono youma gwa ngati mwala womwewo. Anati kalekale, anthu asanakhaleko, tsamba linkagwera m'matope, matope ena n'kulikwirira, ndipo pakupita kwa zaka zosawerengeka matopewo ankasanduka mwala, tsamba lili m'kati. Kutola miyala yotere anali masewero ake a tsiku lopuma, monga ena amachitira bawo. Pochoka anawasiyira a Kanyemba kanyundo ndi galasi lokuza zinthu, nati adzadutsanso chilimwe.

Munthu mukamupatsa kanyundo ndi galasi mwamuwononga. A Kanyemba anapachika galasilo m'khosi ndi chingwe, ndipo ankapita nalo ngakhale kutchalitchi. Anayamba kuyenda choweramira pansi ngati nkhuku yofuna chiswe. Poyamba ankatitengera ku zigwembe za kudambo Lachisanu lokha, kenaka tsiku lililonse dzuwa likangokwera. Anatiphunzitsa kuti tizifuna mwala wosanjikizana, umene umang'ambika ukaumenya cha m'mbali, ndi kuti mwala uliwonse uzidziwika malo amene watoledwa. Malangizowo anali abwino. Vuto linali loti kwathu kulibe mwala wotero. Kuli nsangalabwi zoyera, miyala yofiira ya dzimbiri, ndi ina yolimba imene ukaimenya nyundo imakubwerera pachipumi. Tinkabwerako zala zitatupa, miyendo ili zilonda, ndipo makolo athu ankaganiza kuti ndiwo maphunziro atsopano.

Zimene tinkatola n'zochititsa manyazi. Zigoba za nkhono zimene zinafa mvula yathayo, mapale a miphika ya azigogo athu, fupa la mbuzi. A Kanyemba ankayang'ana chilichonse pagalasi, diso limodzi atatsinzina, n'kutchula mawu aatali a Chingerezi amene ndikukhulupirira kuti ena ankawapeka pomwepo. Mnyamata wina, Yohane, anadinda tsamba la mpiru padothi la mtapo n'kuliwotcha m'ng'anjo ya fodya. Aphunzitsi anakondwa nalo mpaka masana, pamene analinunkhiza n'kumva utsi. Yohane anadya zikoti, ife tinabwerera kudambo.

Chilimwe chitayandikira, a Kanyemba anayamba kuwonda. Mzungu anali pafupi kubwera, ndipo iwo analibe chomuonetsa. Tsiku lina anatiimika pamzere n'kulumbira pamaso pa sukulu yonse kuti mwana amene adzabweretse mwala weniweni wa tsamba kapena wa nkhono, iwo adzamugwira dzanja okha mpaka pakhomo la ku mishoni.

Mwala wotero ine ndinkaudziwa. Unali m'nyumba mwathu. Atate anga ankagwira ntchito kumgodi wa malasha ku Wanki, ndipo ulendo umodzi wokha umene anabwera kudzationa, m'sutikesi mwawo munali mwala waphanthiphanthi, wotuwa, waukulu ngati mbale. Kenaka anabwerera n'kutchona. Amuna ena ankabweretsa njinga ndi mabulangete, athu anabweretsa mwala. Amayi anauika kukhala chivundikiro cha mtsuko wa mbewu ya mtedza, poti makoswe sankatha kuusuntha. Kunsi kwake kunali masamba akuda, aatali ngati lilime la ng'ombe, opingasana, ndipo ukayang'anitsitsa unkaona mtsempha wa pakati ndi timitsempha tina tambirimbiri tolukana ngati ukonde. Ndili wamng'ono ndinkayesa kuwatokosa ndi chikhadabo kuti ndiwachotse.

Nditawafotokozera amayi, anapitiriza kusenda chinangwa. Kenaka anati, “Tenga. Mwina mwalawo ungakuchitire zimene mwini wake analephera. Koma makoswe akandidyera mbewu, udzalima ndiwe.”

A Kanyemba anaulandira ndi manja awiri. Anauika patebulo, nawerama ndi galasi lawo nthawi yaitali, ndipo kunena zoona tsiku limenelo nkhope yawo inali ya mwana. Anandipatsa galasilo kuti nanenso ndione. Timitsempha tija tinakula ngati misewu, ndipo ndinamva kachizungulire poganiza kuti tsamba limeneli linaphuka, linawombedwa ndi mphepo, dziko lisanakhale ndi munthu woliona. Kenaka anandifunsa kumene ndinautola. Ndinati pamtsuko wa amayi, ndipo unachokera ku Wanki.

“Esinati, mwana wanga,” anatero akutsitsa mawu, “mwala uwu unautola m'chigwembe cha kudambo, ine nditakulozera. Eti?”

“Ayi, aphunzitsi. Pamtsuko.”

“Pamtsuko palibe sayansi. Bwana akabwera, iwe ntchito yako ndi kugwada. Zoyankhula ndi zanga.”

Ndinangowabwezera galasi lawo. Ndinkaona kale denga la malata la ku mishoni.

Tsopano muyenera kudziwa m'mene kwathu timalandirira mlendo wolemekezeka. Chilichonse chimene diso lake lingagwerepo chiyenera kuwala. Uthenga utafika woti mzungu akubwera, sukulu yonse inasanduka ya akapolo. Tinasesa bwalo mpaka nyerere zinasowa pobisala. Tinazira pansi, tinapaka njereza miyala ya m'mbali mwa njira, ndi mitengo yomwe tinaipaka mpaka m'chiuno. A Kanyemba ankayendayenda akukuwa kuti asaone kanthu kakuda paliponse. Mwala wanga anausunga kunyumba kwawo kuti ana angauwononge.

Dzulo lake la tsikulo anandituma kukatungira madzi akazi awo. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala, miphika ili ndandanda, yonse yowala. Pamiyendo pawo panali mwala wanga. M'dzanja anali ndi chikonyo cha chimanga, pambali mulu wa mchenga ndi phulusa. Anali mayi wakhama, wodziwika mudzi wonse kuti mphika wake sugona ndi mwaye.

“Wafika bwino, Nabanda,” anatero akunditchula ndi mfunda wanga, akumwetulira, thukuta lili kamukamu. “Taona. Amayi ako ankausunga bwanji mwalawu? Mwaye wake unachita kulowerera. Ndaukwecha kuyambira m'mawa, koma watheka. Bwana akanati ndife anthu auve.”

Anaukweza kuti ndiuone. Unali woyera bwino, wosalala ngati tsaya la khanda. Masamba amene anapirira pansi pa dziko zaka zonse zija sanathe kupirira m'mawa umodzi m'manja mwa mayi wa Chichewa wofuna kulemekeza mlendo. Mtsuko wa madzi unali udakali pamutu panga, ndipo sindikudziwa kuti ndinautula bwanji. Sindinawakwiyire mayiwo, ndipo mpaka lero sindiwakwiyira. Anachita zimene amuna awo analamula.

M'mawa mwake galimoto inafika, ife tili pamzere tikuimba. Mwala unali patebulo pansi pa mtengo, wovundikiridwa ndi nsalu yoyera. A Kanyemba anavala jekete, ndipo ndinaona kuti zala zawo zinali ndi inki. Anandiitana, ndinagwada. Anayankhula Chingerezi chambiri akuloza kudambo, akudziloza pachifuwa, kenaka anavundukula nsalu.

Masamba anali atabwerera. Anali atatu, onenepa, amtundu wa buluu, ofanana ndendende ndi a mtengo wa mango umene tinali pansi pake. Limodzi linali ndi kaphesi komwe.

Mzungu anaunyamula mwalawo, nautembenuza, nanyowetsa chala ndi malovu n'kupaka patsamba limodzi. Chala chinabwerako chabuluu. Anaseka mpaka kukhosomola. Kenaka, m'Chinyanja chake chopunduka, anati mwalawo wokha ndi wabwino, ndi wa kudziko la malasha, koma sungakhale wa kuno. Miyala ya kuno inaphikidwa ndi moto wa pansi pa dziko kalekale, ndipo simungakhale tsamba kapena nkhono. Anati zimenezi anawauza aphunzitsi tsiku loyamba lija. Ife tinayang'anana, tinayang'ananso zipsera za m'miyendo mwathu.

A Kanyemba sanachedwe. Anagwedeza mutu mwachisoni n'kunena mokweza, kuti makolo amene anasonkhana amve, kuti ana a masiku ano ndi achinyengo. Mwana uyu, anatero akundiloza, wajambula masamba pamwala kuti apusitse aphunzitsi ake.

Ndikudziwa chimene mwana woleredwa bwino akanachita. Akanayang'ana pansi, n'kulira pang'ono, n'kulandira zikoti zake. Pambuyo pake aphunzitsi, podziwa okha chimene anachita, mwina akanamutumiza ku mishoni mwakachetechete kuti atseke pakamwa. Kwathu wamkulu salakwa pagulu; mwana amasenza mlanduwo, ndipo amalipidwa kuseri. Anthu ambiri andifotokozera nzeru imeneyi, ndipo onse anandifotokozera mochedwa.

Ndinaimirira. “Bodza, aphunzitsi,” ndinatero. “Masamba enieni anakwechedwa kunyumba kwanu. Taonetsani anthu zala zanu.”

Maso onse anapita ku zala zija. A Kanyemba analowetsa manja m'matumba a jekete. Mayi wina kumbuyo anati, “Kodi mwana ameneyu ngwa yani?” ngati sankandidziwa. Mzungu anayang'ana wotchi yake, nayamikira nyimbo zathu, nakwera galimoto. Fumbi lake linatsalira pamiyala yathu ya njereza.

Mlandu umene unakambidwa sunali wa inki. Za inki palibe anazitchulanso. Unali mlandu wa mwano: mtsikana kuimirira pamaso pa akuluakulu, kutchula wamkulu kuti wabodza, mlendo ali pomwepo. Atsibweni anga anagwira tambala wathu n'kupita naye kukapepesa, ine ndikutsatira pambuyo. A Kanyemba analandira tambalayo, nati anandikhululukira ndi mtima wonse, pakuti iwo ndi Mkhristu. Anangowonjeza kuti ku mishoni amafuna ana odzichepetsa, ndipo sakanatha kunama powalembera azibambo ansembe za khalidwe langa. Munthu ameneyo anati sakanatha kunama. Chaka chimenecho ku mishoni kunapita Yohane, wa tsamba la mpiru uja, amene ankawerengera zala mpaka za kumapazi.

Pobwerera atsibweni anandiuza kuti ndisadandaule, sukulu ya mtsikana ndi ya pamtondo. Amayi anandipatsa khasu la mpini watsopano.

Anzanga amene tinali limodzi amati ndiiwale, zinthu zinasintha. Inde zinasintha. Sukulu ija pano ili ndi malata ndipo makalasi anawonjezeka, moti mtsikana angathe kupitirira popanda kugwidwa dzanja ndi munthu. A Kanyemba anakwezedwa, amayendera masukulu panjinga yamoto, ndipo ndikumva kuti amakonda kulangiza aphunzitsi achinyamata za kuona mtima. Alendo olemekezeka masiku ano ambiri ndi akuda anzathu. Ine ndimagulitsa mtedza pa msika wa Nsaru, ndipo masamu anga amathera pa kuwerengera mbale. Chimene chimandinyansa kwambiri n'choti ndikaona mwala waphanthiphanthi panjira, ndimautembenuzabe ndi phazi, ngakhale ndikudziwa bwino lomwe kuti kuno kulibe kanthu.

Sabata yatha mng'ono wanga wa kwa amayi aang'ono, amene ali pasukulu yomweyo, anabwera akuthamanga kudzapempha tsache ndi chitini cha mchenga. Anati kukubwera alendo, ndipo aphunzitsi alamula kuti chilichonse chiwale. Ndinamupatsa. Kenaka ndinamugwira paphewa n'kumuuza kuti ngati ali ndi kanthu kake kamene amakakonda, akakabise kaye mpaka alendowo atapita.