Njanji ya ku Makambako

Lero m'basi ya ku Songea ndakhala pafupi ndi matumba a usipa wouma, ndipo fungo lake landikumbutsa chaka chomwe anandiseka m'kalasi.

Aphunzitsi anatiuza kuti Amereka, China ndi Russia ali ndi njanji zazitali kwambiri padziko lonse. Ine ndinafunsa kuti njanjiyo imaoneka bwanji. Anzanga anafa nalo phwete.

"Mwana wa ku Mbamba Bay, iwe dziwa za ngalawa basi," anatero aphunzitsiwo.

Mayi ankagulitsa usipa ku Makambako, komwe sitima yapamtunda imadutsa, choncho ndinawapempha kuti anditenge.

"Ndi kutali, mwanangu. Ukasanza njira yonse."

"Ndikasanze, Mayi, koma ndipita nawo."

Ndinawaumirira tsiku ndi tsiku mpaka analola. Ndinasanzadi m'mapiri a Mbinga, koma sindinalire.

Titafika, Mayi anasiyira mnzawo katundu n'kundigwira dzanja. Njanji ija inali zitsulo ziwiri zokha, zogona pamiyala, zopita kutali kosaoneka mathero ake. Ndinavula patapata n'kuponda chitsulo chimodzi. Chinali chozizira, kenako chinayamba kunjenjemera pansi pa phazi langa.

"Choka apo, ikubwera!" anakuwa Mayi, akundikoka.