Ndinabweza mwana wanga woyembekezera pakhomo

Inu owerenga, cholakwa changa chinali kutseka pakamwa. Ndine mayi wa kufupi ndi Milonde. Ndinkathyola tiyi mpaka pamene impso zanga zinasiya kugwira ntchito, ndipo tsopano kawiri pa sabata ndimakwera minibasi kupita ku Blantyre kukasefetsa magazi pa makina.

Kenako kunabweranso chithokomiro. Khosi linatupa, manja ankanjenjemera, mtima unkagunda ngati ndathamanga. Mapilitsi atakanika, ananditumiza kunja kwa dziko komwe ndinameza kapisozi wa ayodini wokhala ndi radiyeshoni, mphamvu yosaoneka imene ingavulaze anthu oyandikana nawe. Adokotala anati mwa anthu ena mankhwalawa amatuluka msanga ndi mkodzo, koma mwa ine akhalitsa chifukwa cha impsozo. Anandilembera masiku oti ndizigona ndekha, ndizidyera mbale yangayanga, ndipo koposa zonse ndisayandikane ndi ana kapena mayi woyembekezera.

Mwana wanga mmodzi yekhayo, Esinati, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Atamva kuti ndabwera, ananyamuka ku Milange kumene anakwatiwa, atasenza chinangwa, nkhuku ili m'khwapa. Ndinamuona akulowa pabwalo akumwetulira.

Ndinachita mantha. Ndinaganiza kuti ndikafotokoza, mudzi wonse umva kuti ndanyamula poizoni m'thupi, ndipo khanda likadzabadwa ndi vuto, apongozi ake adzaloza ine. Ndinangokuwa ndili pakhomo: "Ima pomwepo! Bwerera kwanu, sindikukufuna pano."

"Amayi, ndalakwanji?"

Ndinatseka chitseko. Ndinamumva akutula katundu pakhonde, kenako n'kumapita.

Masiku aja anatha, khosi linaphwa, mtima unakhazikika. Ndinamuimbira foni kangapo, osayankha. Nditatumiza uthenga wofotokoza zonse, anangoti ndikanamuuza tsiku lomwelo, akanakhala chapatali pabwalopo n'kumandiphikira. Zoti wabereka mwana wamkazi ndinazimva kwa anthu pamsika. Mdzukulu wangayo akuyenda tsopano, koma sindinamunyamulepo. Kupita kukakhala ku Milange sindingathe, makina aja sadikira munthu. Ndikatsika minibasi miyendo ili lende, palibe ondichingamira, ndipo madzi ndimatunga ndekha.

Inu amene mwapatsidwa mankhwala oterewa, mverani adokotala, talikiranani ndi abale anu masiku onse amene akuuzani. Pamenepo sindinalakwe. Koma auzeni chifukwa chake, ngakhale mofuula muli patali. Ine ndinkangofunika kunena kuti, "Mwananga, ndikuteteza mimba yakoyo."