Chingerezi cha Amayi ndi Nsapato za a Dona Filomena

Mapepala aja ankamveka fungo la dizilo ndi nthochi zakupsa. Amalume anga a Zakariya, amene ankayendetsa lole pakati pa Tete ndi Blantyre, anawasunga masabata awiri pansi pa mpando wawo asanakumbukire kuwasiya kwathu ku Zóbuè. Anali omangidwa pakona ndi ulusi wa thumba la feteleza, ndipo tsamba lililonse linali lodzaza ndi mawu ataliatali a Chingerezi, onena za maudindo a anthu, ulemu ndi makhalidwe. Mpaka lero ndikadutsa pamene malole amandanda kudikira kuoloka malire, fungo limenelo limandibwezera pakhonde pathu, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, miyendo itatuwa ndi chisanu.

Inali nyengo imene dzina la Moatize linali pakamwa pa aliyense. Anyamata ankasiya makasu n'kupita kumigodi ya malasha, kenako ankabwera kudzacheza atavala nsapato zolemera ndi zipewa zolimba ngati mbale. Amayi anamva kumsika kuti nyumba ina yogona alendo a kumgodi ikufuna mzimayi woyang'anira oyeretsa ndi ochapa, koma wodziwa Chingerezi. Ife kusukulu tinkaphunzira m'Chipwitikizi. Amayi okha ndiwo anali ndi Chingerezi m'nyumba mwathu, chifukwa anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, komwe anaphunzira mpaka kumaliza pulayimale. Chinali chitayamba kuwathawa, poti ankangochigwiritsa ntchito pogulitsa mbatata ya kachewere kwa madalaivala a ku Zimbabwe. Koma denga lathu linkadontha, ndipo achimwene anga anali pafupi kuyamba sekondale yakutali. Abambo, munthu wa mawu ochepa, anangoti, "Kayeseni, mayi a Rozita. Mbatata sithawa."

Tinkaphunzira mawu a m'mapepala aja masana ndikaweruka kusukulu, nkhungu ya m'phiri itachoka. Tinkayala mphasa padzuwa n'kumatonola chimanga, zala zikuluma, zitsononkho zikuunjikana pambali. Ine ndinkapanikiza pepala ndi chidendene kuti lisauluke, n'kumawerenga liwu limodzilimodzi mopotoza, amayi n'kumayankha tanthauzo lake m'Chichewa. Sabata yoyamba palibe chimene chinkakhala m'mutu mwawo. Ankaloweza lero, mawa lake n'kupeza zauluka. Tsiku lina tikulimbana ndi liwu lakuti pompous, tambala wathu wofiira anadutsa pamphasa, chifuwa patsogolo, akuponda ngati bwalo lonse analigula yekha. Amayi anamuloza ndi chitsononkho n'kunena kuti, "Si uyu bwana pompous!" Tinaseka mpaka chimanga chinatayika m'lichero, ndipo liwu limenelo sanaliiwalenso.

Kuyambira pamenepo liwu lililonse tinkalipezera mwini wake. Mbuzi yathu yaikazi, imene inkadya zovala pachingwe ikukuyang'ana m'maso, inakhala unscrupulous, wopanda chikumbumtima. Bakha woyenda pang'onopang'ono anakhala aristocrat, wa kubanja lachifumu. Ziweto zitatha, tinasamukira kwa anthu. Abambo tinawapatsa humble, ndipo atamva kuti ndi kudzichepetsa anangokanda kumutu n'kunyamula khasu. Wogulitsa nyama amene ankalalikira za kuona mtima uku chala chili pasikelo tinamupatsa hypocrite. Amayi ankaseka chogwetsa misozi, koma nthawi zonse ankamaliza ndi chenjezo: "Iwe Rozita, mawu awa asadumphe mpanda uno."

Liwu lalitali lakuti ostentatious, munthu wokonda kudzionetsera, tinalipereka kwa a Dona Filomena, akazi a akatekisita athu. Mwana wawo anali atapeza ntchito kumgodi, ndipo anawagulira nsapato zonyezimira za zidendene zazitali ndi kachikwama kofiira. Lamulungu lililonse ankafika mochedwa dala, anthu atakhala kale, kuti nsapato zija zimveke gogodo gogodo kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kubenchi yakutsogolo.

Lamulungu lina Misa itatha, anandiimitsa pansi pa mtengo wa bulugamu, pali azimayi ena a kwaya. "Ndamva kuti kwanu kwagwa Chingerezi. Tandipatsako liwu limodzi, mwanawe." Sindinaganize n'komwe. Ndinagwada pang'ono mwaulemu n'kunena kuti, "Inuyo ndinu ostentatious."

Nkhope yawo inawala. M'makutu mwawo liwulo linamveka ngati ostensoriyo, chotengera chagolide chija chimene ansembe amakwezera Ukaristia pa chikondwerero. Anaganiza kuti ndawatcha chinthu chowala ndi chopatulika. Anandipatsa bisiketi kuchokera m'kachikwama kaja, ndipo sabata yonse ankauza aliyense pachitsime kuti kwa azungu munthu wonga iwo amatchedwa ositenteshasi. Ine bisiketi ndinadya, koma amayi sindinawauze.

Lachitatu la sabata yotsatira, masana, tinangomva gogodo gogodo pamiyala ya pakhomo. A Dona Filomena anafika ndi mbale ya mtedza wokazinga, nakhala pampando umene abambo anawatulutsira. Atatha malonje anafotokoza kuti akutsegula kagolosale pamsewu, ndipo akufuna amayi awalembere molondola liwu lija la ositenteshasi limene ndinawapatsa kuti wopenta akalilembe pamwamba pa chitseko. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha. Akanatha kungolemba. Palibe aliyense pamudzi pathu akanadziwa, kupatula madalaivala odutsa amene akanaseka ali m'malole awo. Amayi anapukuta manja pachitenje, nanena motsitsa mawu kuti, "Dona, liwu limenelo si loyamikira. Limatanthauza munthu wodzionetsera. Wolakwa ndine, mwanayu anangolitola pakamwa panga."

Ndinagwada n'kupepesa. A Dona Filomena anaimirira osatsanzika. Nsapato zija zinamveka mpaka kumsewu, mbale ya mtedza itatsala pamphasa. Amayi sanandimenye. Anandituma kukabweza mbale ija itatsukidwa, muli mazira, ndipo ulendo wa mphindi zochepa umenewo unanditalikira kuposa wina uliwonse. Masiku otsatira tinkaphunzirabe, koma anthu tinawasiya, tinabwerera kwa tambala ndi mbuzi.

Litatsala tsiku limodzi kuti amayi apite kukayesedwa, a Dona Filomena anatulukiranso, ulendo uno atavala patapata. Anaika kathumba pamphasa, ndipo m'menemo munali nsapato zija ndi kachikwama kofiira. "Kumeneko amayamba kuyang'ana kumapazi. Pitani mukakhale ositenteshasi tsiku limodzi, mudzandibwezera." Amayi anaseka mpaka anagwira m'nthiti, kenako anatsegula mapepala n'kuwaonetsa liwu lina, magnanimous, munthu wa mtima waukulu wosasunga mangawa. A Dona anafunsa tanthauzo lake katatu, nandiitana kuti ndilumbire kuti ndi zoona, asanalivomere.

Tinanyamuka m'mamawa pa chapa, minibasi yodzaza anthu, madengu a tomato ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Amayi ananditenga kuti ndiziwafunsa mawu m'njira. Pamene tinkatsika mapiri, chisanu chinatsala m'mbuyo, mitengo inafupika, milambe inayamba kuoneka, ndipo juzi yanga inasanduka katundu. Ku Moatize kunkatentha ngati pafupi ndi uvuni wa njerwa. Fumbi lakuda linkakhala pamasamba, pamakoma ndi m'makwinya a zala, ndipo anthu ankalankhula Chinyungwe chothamanga chimene ndinkangotolamo mawu ochepa. Pafupi ndi geti amayi anavula patapata n'kuvala nsapato za a Dona, zimene zinkawathina, nayenda atandigwira paphewa.

Anandisiya pabenchi pansi pa zenera la ofesi, choncho ndinamva zonse. Bwana wake anali bambo wa ku Brazil, wonenepa, amene ankangopukuta thukuta ndi kathaulo. Anawauza m'Chingerezi chodukaduka kuti afotokoze za iwo eni. Amayi anayamba monga tinakonzera pamphasa: anati iwo ndi diligent, akhama pantchito, scrupulous, osamala ngakhale pa zazing'ono, ndiponso munthu wa integrity, wokhulupirika. Ine ndinkatsatira ndi milomo panja. Atamaliza, bamboyo anaseka chikhakhali, nanena m'Chipwitikizi kuti, "Senyora, pepani, pa mawu onsewo ine sindinamvepo ngakhale limodzi."

Ndinaganiza kuti zonse zathera pomwepo. Koma ndinamva kabati ikutseguka. Bamboyo anatulutsa kalata imene mlendo wina wolankhula Chingerezi analemba podandaula, imene iye anakhala nayo masiku angapo osaimvetsa bwino. Amayi anaiwerenga mwakachetechete, kenako anamufotokozera m'Chipwitikizi chawo cha kumsika kuti mlendoyo sakudandaula za chakudya ayi, koma malaya ake oyera amene amayanikidwa panja n'kubwera atada ndi fumbi la malasha. Anawonjezera kuti zovala zoyera ziziyanikidwa m'kati. Bamboyo anamenya patebulo ndi chikhatho. Anawauza kuti ayambe Lolemba, azigona komweko, ndipo azipita kwawo kumapeto kwa mwezi.

Potuluka pageti amayi anavula nsapato zija msangamsanga, zidendene zitatuluka matuza. Anandigulira botolo la chakumwa chozizira, langa ndekha, ndipo ndinavina pafumbi pomwepo anthu akuyang'ana. Chapa yobwerera inkachedwa kudzaza, choncho tinakhala pamizu ya mlambe. Amayi anandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kuyamba kumasula tsitsi langa, ngakhale linali lisanathe sabata chilukireni. Anatulutsa chipeso m'kachikwama kofiira, nachiika m'dzanja langa. Anagwira zala zanga n'kuzitsogolera kumbuyo kwa mutu, kumene maso safika, akundionetsa kugawa mzere ndi kupatsirana tizingwe titatu. Ndikalakwitsa ankamasula n'kunena kuti ndiyambirenso. Mizere yanga inatuluka yokhotakhota, koma anandisiya nayo choncho mpaka kunyumba.

Tsiku limenelo ndinkaona ngati ndi mphoto, kuti poti ndawathandiza kupambana, andiyesa wamkulu woyenera kugwira chipeso. Ndinadabwa pang'ono kuti munthu amene wangopeza ntchito akulankhula zochepa chonchi, koma ndinati mwina ndi matuza aja. Amayi anagwira ntchito ku Moatize zaka zambiri, denga linakonzedwa, achimwene anamaliza sukulu, inenso pambuyo pawo. Lero ndimagwira ntchito mumzinda wa Tete, ndipo mwana wanga wamkazi amakhala ndi agogo ake ku Zóbuè. Ulendo wapitawu, nditatsala pang'ono kukakwera chapa, ndinapezeka ndamukhazika pakati pa miyendo yanga, ndikuwongola tizala take kumbuyo kwa mutu wake. Iye ankaseka, akunyadira kuti wakula. Ine ndinkawerenga m'mtima mamawa onse amene adzadzuke ine kulibe, ndipo sindinathe kulankhula zambiri.