Mphepo Yonse kwa Apampando

Lachinayi lapitali ndinatsala pang'ono kupha munthu. Sindinagwire mpeni kapena chibonga, ayi. Ndinangomupatsa ulemu.

Kuholo ya bungwe lathu la alimi ku Chiringa anatibweretsera eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba aja. Musaganize za tating'ono ta pakhoma timene mumationa m'mabanki tija. Ichi ndi chibokosi chachikulu ngati khola la mbuzi, chokhala panja pa simenti. Mphepo yake imayenda m'mapaipi a malata odutsa kudenga, n'kumatulukira m'zibowo.

Mmisiri wake, bambo Chikopa a ku Limbe, anatiyalira pepala patebulo ife a komiti. Zibowo zinali zisanu ndi chimodzi, zomwazikana holo yonse, kuyambira kukhomo mpaka kutsogolo.

Apa m'pamene ine ndinakonza kukhosi.

"Pepani amisiri, mphepoyi iziyambira kuti?"

"Kumbuyo kuno, kufupi ndi makina," anatero.

"Ndiye kuti a m'mabenchi aziyamba ndiwo kuzizidwa, apampando n'kumalandira makombo?"

Komiti yonse inati, "Eee, zoona!" Kwathu kuno madzi osamba m'manja amayambira kwa wamkulu. Mpando wa chotsamira ndi wa wamkulu. Nthutumba ya nkhuku ndi ya wamkulu. Ndiye mphepo ndi ndani kuti idumphe mwambo?

Bambo Chikopa anayesetsa, ndisawanamizire. "Akuluakulu, mukaunjika zibowozi pamodzi, wokhala pansipo mumuumitsa, kumbuyoku anthu akupsa."

"Inu mumadziwa malata," ndinawayankha ine wanzerune, "ife timadziwa anthu athu."

Anangopinda pepala lawo. "Makina ndi anu."

Masiku atatu anakhalira kudula malata, kupinda, kukhoma ndi kumata molumikiziramo kuti mphepo isathawire m'njira. Ntchito yaukhondo zedi. Zibowo zonse zinathera pamwamba pa tebulo la akuluakulu, zinayi mwa izo zitaloza mpando umodzi.

Mwini mpandowo, bambo Namakhwa, sabata yonseyo anali kumaliro kwawo ku Nazombe. Palibe anawaimbira foni. Munthu n'kufunsa wamkulu ngati akufuna ulemu? Chonsecho tonse timadziwa kuti mkuluyu ali ndi mphumu. Chiperoni chikangosuzumira pa phiri la Michesi, iwo juzi avala kale, mpango uli m'khosi.

Lachinayi linafika ndi dzuwa lija loswa mtengo. Alimi anadzaza holo kudzamva za msika wa nandolo. Apampando anatsika panjinga thukuta lili kamukamu, atavala shati ya mikono yaifupi. Anakhala pampando wawo. Batani ndinadina ndekha, ndikumwetulira ngati wa paukwati.

Wuuu! Mapepala a msonkhano anauluka kukagwera kwa mlembi.

"Mfundo yoyamba," anatero apampando, n'kuyetsemula. "Mfundo yoyamba..." Anayetsemulanso. Kumbuyo amayi anali kalikiliki kudzikupiza ndi nsonga za zitenje. Wina anafuula, "Kodi chinthucho mwayatsa?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Apampando sanadandaule. Akanadandaula bwanji anthu awo atawachitira zazikulu chonchi? Anangopinda manja, mano akugundana, n'kumapitiriza.

Kenako chifuwa chawo chinayamba kulira, fyee, fyee. Mawu anathera pakati. Kuseka kunatha. Kunena zoona ndinachita mantha, abale. Koma ngakhale pamenepo tonse a komiti tinangoyang'anana. Ndani akanauza wamkulu kuti achoke pampando wake?

Anatipulumutsa ndi mayi Namakhwa, akazi awo. Anadzambatuka kumabenchi, n'kuwafunditsa chitenje, n'kuwakoka dzanja.

"Tiyeni kuno bambo, musafere mpando!"

Anakawakhazika kumbuyo kwenikweni, pa benchi yotentha pafupi ndi khomo, n'kuwapatsa kamankhwala kawo kopopera m'kamwa. Mpweya utabwerera, mkulu uja anakweza mutu.

"Kodi amene wandikonda chonchiyu ndani?"

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinayang'ana nsapato zanga.

Musandiseke ndekha, inunso muli momwemo. Paukwati agogo timawakhazika kutsogolo, khutu litagunda sipika. Mlendo wa matenda a shuga timamutsegulira botolo la zoziziritsa kukhosi, n'kuima pomwepo mpaka amalize. Wodwala miyendo timamuimiritsa padzuwa kuti alandire moni wa mudzi wonse. Mwini wake sangakane, poopa kuoneka wamwano. Ife sitingafunse, poopa kuoneka osaleredwa. Wodziwa ntchito akatichenjeza timati ndi wobwera, sadziwa za kuno.

Ulemu sindikuukana, ndinakulira momwemo. Koma ulemu wanga wa tsiku lija unali wa ine mwini, kuti anthu aone kuti ndimadziwa mwambo. Bambo Namakhwa anangokhala pokhomerapo ulemuwo.

Madzulo ake ndinaimbira bambo Chikopa kuti adzaphwasule. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye zibowo tiike pati, akuluakulu odziwa anthu?"

"Monga mwa pepala lanu lija," ndinayankha motsitsa mawu.

Msonkhano uja apampando anaumalizira pa benchi yakumbuyo, thukuta likuyenderera, nkhope ili mwee. Mpando waulemu unatsala wokha kutsogolo, ukuzizidwa.

Nanga inu, wamkulu amene mukumulemekeza kwanukoyo, munamufunsapo ngati akupuma?