Chipembere Anawaperekeza Amalume Kumanda

Ndinadzuka tambala asanalire chifukwa mayi wina wa kwaya anandiponda chala potuluka panja. M'nyumba ya amalume tinagona mothithikana ngati nsomba pa thandala, akazi okhaokha, ena atatsamira khoma, nyimbo itawathera pakamwa. Bokosi linali pakati. Azakhali, mkazi wa malemuwo, anali kumutu kwake, maso ali pa kandulo. Ndinawadumpha onse n'kutuluka.

Mvula inali itakata koma mitengo inkadonthabe. Amuna anali atazungulira moto pansi pa tenti, ena akuwodzera. Kuseri amayi anali akulimbana ndi nkhuni zonyowa, utsi ukungokwawa pansi. Cha kumtsinje mvuu zinkalira pobwerera m'madzi. Ine sindinapite kukathandiza aliyense. Ndinapita pansi pa mtengo wa mango kukaona Chipembere.

Chipembere ndi galimoto. Ndi yakale kuposa amayi anga, yazitsulo zokhazokha, yopanda denga, ya mtundu umene alenje akale ankayendera m'tchire. Amalume anali makaniko pa loji ina ya alendo odzaona nyama ku Chinzombo. Anaipeza itatayidwa pa msasa wakale, makoswe ataswerana m'mipando, n'kuikoketsa ndi thirakitala mpaka kwathu ku Kakumbi. Anthu ankati agula khola la nkhuku.  Iwo anamasula injini yonse, bawuti ndi bawuti, n'kuyamba kuimanganso.

Mkati mwa injiniyo ndikumudziwa chifukwa chaka chatha anandiimitsa sukulu pa nkhani ya chitedze chimene chinapezeka pa mpando wa munthu amene ankachiyenera. Amayi ananditumiza kwa mlongo wawoyo kuti akandilange, ndipo chilango chinali kutsuka zitsulo m'beseni la parafini. Ndinapita ndikunyinyirika, koma ndinaona zinthu. Ndinaona mapisitoni atsopano akutsetsereka m'mabowo awo osasiya mpata ngakhale wa tsitsi. Ndinaona amalume akumanga mabawuti a pamutu pa injini, kuyambira pakati kupita m'mbali, ali chete ngati ali m'pemphero. Panatsala pang'ono chabe, kulumikiza mapaipi a dizilo ndi kuiliza. Kenako kunabwera matenda, ulendo wa kuchipatala ku Chipata, ndipo anabwerako m'bokosi. Ankakonda kunena akuseka kuti Chipembere adzawanyamula ndithu, amoyo kapena akufa.

Dzulo lake pa maliropo ndinawakumbutsa akuluakulu mawu amenewo. Anandithamangitsa. Katundu wa malemu sakhudzidwa ndi achibale mpaka tsiku logawa, anatero, ndipo masipanala onse anali atamangidwa kale m'thumba n'kuikidwa pansi pa bedi. Komanso amalume aakulu, amene amakhala ku Lusaka, anali ataitanitsa kale lole yoyera kuchokera ku Chipata yodzanyamula bokosi.

Kutacha anthu anayamba kufika. Ena pa njinga, matope ali mpaka m'misana. Ena wapansi kuchokera ku Kawaza, nsapato zili m'manja. Masikauti a zanyama anabwera ndi mayunifolomu awo obiriwira. Anzawo a malemu a kuntchito anatsitsidwa pa msewu wa tala, galimoto ya loji n'kubwerera kukatenga alendo. Bwalo linadzaza, anthu anasefukira m'munda wa chimanga. Sindinkadziwa kuti munthu mmodzi wonunkha girizi angadziwike chonchi.

Pamenepo akuluakulu analakwitsa. Pa ana onse a pamudzi anasankha ine kuti ndikadikire lole kumsewu ndi kuilozera njira.

Njira zobwera kwathu zilipo ziwiri. Yakumtunda ndi yamchenga, imazungulira. Yakumunsi imadutsa m'mphepete mwa dambo, pa dothi lakuda lija limene pamwamba limaoneka louma koma pansi lili phala. Mwana aliyense wa m'chigwa muno amadziwa kuti nthawi ya mvula simudutsa ngakhale ngolo. Lole inafika. Dalaivala wake anali mnyamata wovala magalasi akuda kumwamba kuli mitambo. Anatsitsa windo.

"Iwe kasisita, shotikati ili kuti? Ndili ndi ulendo wina masana."

Mwamva nokha, anafunsa yekha. Ine ndinangoloza ndi chala. Atandiuza kuti ndikwere ndinati kwathu wachibale sakwera galimoto ya maliro isananyamule mwini wake. Mwambo umenewo ndinaupanga pomwepo, ndipo ndikuona kuti ndi wabwino, ungathe kukhalapo. Lole inapita bwinobwino kamtunda pang'ono, kenako inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Iye anaponda moto, matayala anakumba, inamira mpaka m'mimba.

Ndinabwerera kunyumba ndi nkhope yachisoni kukanena za ngoziyo. Koma kukoma kwake sikunakhalitse. Mnyamata wina anafika kuchokera kumanda ali wefuwefu, n'kunena kuti adzukulu amaliza kukumba koma madzi akutuluka pansi pa dzenje, akuchita kukapa ndi ndowa, ndipo mvula ikagwanso makoma agumuka. Tonse tinayang'ana kumadzulo. Kumapiri kunali kutada bii. Manda a kwathu ali kutsidya kwa dambo, kumudzi kwa agogo, ndipo kusenza bokosi pamapewa m'matope ofika m'maondo ndi kuwoloka kamtsinje kodzaza kukanatenga tsiku lonse. Ngakhale lole ija ikanakatsitsa bokosi kutali n'kusiya anthu avutike, koma tsopano panalibe ngakhale loleyo. Ndinasuzumira m'nyumba n'kuona azakhali atakhala pomwe paja. Ndinadziwa kuti Chipembere akakana, amalume agonanso m'nyumba yotenthayo usiku wina, dzenje lawo litasanduka chitsime, ndipo chala choloza chija ndi changa.

Pa maliro a kwathu pali anthu amene saletsedwa kanthu. Ndi a chimbuya, Abemba, amene ife akum'mawa timanyozana nawo mwachibale. Amathira ofedwa ufa kumutu, amatukwana malemu, ndipo ukakwiya ndiwe wolakwa. Mmodzi wa iwo anali makaniko mnzawo wa amalume, bambo wamfupi wa mimba, amene kuyambira dzulo ankayenda ndi mbale ya ufa. Ndinamupeza kuseri kwa tenti n'kumunong'oneza zonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Lole ija inamira yokha?"

"Inamira yokha, atate."

"Mwana wa wodya mbewa," anatero, n'kundipaka ufa pamphumi.

Analowa m'nyumba osaodira, akazi akumupatsa njira, n'kutuluka thumba la masipanala lili pamutu. Anaima pakati pa bwalo n'kukuwa kuti waulesi uyu wagona ntchito isanathe, choncho galimotoyi walanda, lero ndi yake. Amalume a ku Lusaka anatsegula pakamwa kuti aletse, ufa unalowa momwemo. Anthu amene analira usiku wonse anaseka mpaka kugwirana.

Ine masipanala sindikanawagwira, choncho ndinaika manja kumbuyo n'kugwira ntchito ndi pakamwa. Ndinkadziwa kumene chilichonse chinali. Mapaipi anali atakulungidwa m'malaya akale pa denga la khola, lililonse lili ndi kachingwe kosonyeza malo ake. Bamboyo atavundukula injini anasiya nthabwala. Inali yoyera ngati mbale ya mlendo, yopakidwa utoto wobiriwira, waya aliyense atamangidwa pamalo pake. Anzake a kugalaja anavula majekete n'kuzungulira. Mmodzi anavula chipewa.

Thanki inali ndi dzimbiri, choncho anathira dizilo m'chigubu cha amayi anga n'kulowetsamo paipi. Anamasula kanati ka pa pampu n'kupopa ndi chala mpaka thovu litatha, dizilo woyera akutuluka, chifukwa injini yotere ikameza mpweya siilira. Batire anyamata anakaitenga ku lole yomira ija pa wilibala, dalaivala akutsatira pambuyo akudandaula. Bamboyo anakwera, anapukuta manja pa thalauza, n'kupotokola kiyi.

Injini inatembenuka pang'onopang'ono, ngati munthu wodwala akutembenuka pa mphasa, n'kuima. Anayesanso. Chimodzimodzi. Zonse zinali zatsopano mkatimo, zothina, batire inalibe mphamvu yokwanira. Kumwamba kunagunda. 

"Mwabwera kudzadya chabe?" bamboyo anakuwira khamu. "Kankhani!"

Poyamba anakankha anyamata, kutsetsereka kulowera ku njira. Iye anamasula kilatchi, matayala anangokhukhuluzika m'matope. Anaibweza. Masikauti anawonjezerapo, inatsokomola kamodzi n'kukhala chete. Pamenepo amayi a kwaya anamanga zitenje m'chiuno, anayambitsa nyimbo, n'kubwera. Amene sanapeze chitsulo chogwira anakankha msana wa mnzake, ndipo wa kumbuyo kwake anakankha wake, mpaka mzere unafika kumoto kumene ankaphika. Abusa analimo. Amalume a ku Lusaka analimo, suti ili mbuu ndi ufa. Ine ndinali chiimire pampando wakutsogolo, chigubu nditachikweza m'mwamba kuti dizilo atsike.

Inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inabangula.

Sindinamvepo phokoso lotero. Linalowera kumapazi n'kukwera mpaka m'mano. Utsi wakuda unaphimba kwaya yonse, kenako unayera, ndipo phokosolo linakhazikika, lolemera, losaphonya, ngati ng'oma yaikulu yoimbidwa ndi munthu wosatopa. Nkhuku zinabalalika. Nyimbo inaduka. Amayi ena anaimba nthungululu, kenako anakumbukira kuti ali pa maliro n'kuyamba kulira, ndipo kulirako kunali kwina, kosiyana ndi kwa usiku. Bambo wa chimbuya uja anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, misozi ikutsika n'kudula njira mu ufa wa pa masaya ake. Anati ndi utsi.

Sanaizime, poopa kuti ingakane. Abusa anafupikitsa ulaliki ndipo anachita kukuwa kuti amveke pamwamba pa injini. Anthu anaona nkhope, bokosi linatsekedwa, analikweza kumbuyo n'kulimanga ndi zingwe. Azakhali anakhala pambali pake ndi amayi awiri owagwira. Ine ndinatsala pomwe ndinali, popeza chigubu chimafuna mwini.

Tinayenda pa liwiro la munthu wapansi, khamu lili m'mbuyo ndi m'mbali, likuimba. Tinadutsa lole yoyera ija ili chikhalire. Pofika pa dambo penipeni bamboyo analowetsa giya yaing'ono ija ya m'matope, ndipo Chipembere anatsitsa mutu n'kulowa. Matope anafika pakati pa matayala. Ndinkamva tayala lililonse likufufuza pansi, likupeza pogwira, likukoka. Pa kamtsinje madzi analowa mpaka pa mapazi athu, ofiira, ozizira, koma injini sinasinthe mawu. Mikono yanga inkawawa ndi kulemera kwa chigubu koma sindinatsitse. Kutsidya, m'mphepete mwa minda, kunali njovu zimene zinagona m'chimanga cha anthu. Masikauti anapita patsogolo. Njovuzo zinangoima, makutu ali tambalale, n'kutiyang'ana mpaka tonse titadutsa.

Kumanda tinapeza adzukulu ali matope okhaokha, akukapabe. Anayala nthambi pansi pa dzenje n'kutsitsa bokosi. Mphepo inali itayamba kale kuweramitsa mitengo. Dothi linabwezedwa mwachangu, makasu akulandirana, ndipo nkhata zamaluwa zisanathe kuikidwa mvula inagwa, yamadontho aakulu. Palibe anathawa. Tinaima momwemo mpaka pemphero lomaliza, Chipembere akugunda chapansipansi kuseri kwa mitengo, nthunzi ikukwera pa injini.

Pobwerera tinaima pa lole ija, tinaibwezera batire yake, n'kuikoka ndi tcheni. Inatuluka ngati dzino lovunda. Dalaivala anali atavula magalasi. Anandiyang'anitsitsa, ndipo ine ndinamufunsa mwaulemu kuti mwaswera bwanji. Amayi anandikoka khutu mpaka pano likuwawa, ndipo anati nkhani yanga ikambidwa maliro akatha. Ikambidwe. Atandituma mawa kumsewu, ndikalozanso komweko.

Pofika madzulo anthu ambiri anali atapita. Tenti inali itagwa mbali imodzi, moto utazima, bwalo lonse lili mapazi okhaokha. Bambo wa chimbuya anabweza galimoto pansi pa mango, anaizima, anamanganso thumba la masipanala n'kukaliika pomwe analitenga. M'nyumba munatsala achibale ochepa, akuyankhula monong'ona. Ine ndinakhala pa tayala ndikumvetsera zitsulo zikuthetheka pozizira.

Azakhali anatuluka okha, osagwiridwa ndi munthu.  Anazungulira kutsogolo kwa galimoto, anayang'ana injini kanthawi, n'kuika chikhato pamwamba pake. Kenako anaikanso chinacho.

"Ikadali yofunda," anatero.

Anaima choncho mpaka itazizira.