Khasu la Ababa Kukhoti

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ababa anamangidwa pa mlandu wolowa pamalo a eni popanda chilolezo. Tinkakhala m'komboni ya mgodi wina kufupi ndi Bindura. Amayi anali atatha chaka ali kumanda akale a anthu akwathu, kuseri kwa mulu wa dothi la mumgodi. Chaka chimenecho eni atsopano a mgodiwo anatchinga dera lonselo ndi waya poopa makorokoza, anthu okumba golide mozemba. Mandawo anatsekeredwa mkati.

Loweruka lina m'mawa ababa anatenga khasu kuti tikalambule pamanda. Anatukula waya ndi mpini, ine n'kukwawa, iwo n'kunditsatira. Tinayamba kulambula, koma tisanafike pakati, mlonda anatulukira ndi galu.

"Mudhara, golide masiku ano mukukumba ndi khasu ngati mbatata?" anatero kwa ababa m'Chishona uku akuseka.

Kupolisi anawauza kuti mlanduwo ndi waung'ono: asaine kuti akuvomera, alipire faindi, azipita. Koma pepalalo likanafika ku ofesi ya mgodi, ntchito yawo yoyang'anira mapampu ikanathera pomwepo, ndipo nyumba akanatilanda. Anakana kusaina.

Loya analibe. Mboni yawo ndinali ine ndekha. Tikupita kukhoti ndinati, "Ababa, ndikanena kuti wayayo sitinamuone."

"Iwe, waya anakung'ambira kabudula, ndiye ukati sunamuone? Ukanene zimene zinachitika, basi."

M'khotimo munkanunkhira polishi. Woweruza anali mayi wamfupi, wa mawu otsika, koma atalowa aliyense anaimirira, ngakhale apolisi amene ndinkawaopa aja. Kudzera mwa womasulira, anauza ababa kuti boma ndi limene liyenera kutsimikizira kuti analakwa, ndipo iwo ali ndi ufulu wofunsa mlondayo mafunso. Mlondayo atapereka umboni wake, ababa anaimirira n'kumuyang'ana, chipewa chili m'manja.

"Mwanangu, dzenje limene ndinakumba linali lakuya bwanji?"

"Dzenje sindinalione."

"Nanga udzu unaupeza utaunjikidwa paja, makorokoza amagulitsa kuti?"

Anthu anaseka. Ine ndinali ndisanawamvepo ababa akufunsa funso munthu wa yunifolomu.

Kenako anaitana ine. Woimira boma anandifunsa ngati wayayo ndinamuona. Ndinati inde. Anafunsa ngati tinadutsa dala. Ndinati inde, ndikuganiza kuti ababa ndawamangitsa ndekha.

Woweruza anaweramira kwa ine. "Mkatimo munkafunamo chiyani?"

"Amayi ali momwemo."

Analemba kwa nthawi yaitali. Atadzutsa mutu anati khoti lipita kukaona malowo.

Sindinkadziwa kuti khoti limayenda. Mawa lake masana ndinaliona likuyenda padzuwa: woweruza patsogolo, woimira boma, womasulira ndi apolisi awiri pambuyo, mlonda uja akutsegula geti. Mayiyo anadutsa m'udzu wofika m'chiuno, akuwerenga mokweza mayina olembedwa pa timalata todulidwa ku migolo, pamodzi ndi kwawo kwa eni ake: Dedza, Ntcheu, Mangochi. Pamanda a amayi, mbali imodzi inali yolambula bwino, ina idakali tchire. Woweruza anaima pamenepo, nsapato zake zitafiira ndi dothi. Woimira boma anasuntha pang'ono, pozindikira kuti waponda m'mphepete mwa manda a munthu.

Chigamulo chinali chachifupi. Anati boma lalephera kuonetsa kuti ababa analowa popanda chifukwa chomveka, njira ya kumandako inalipo waya asanabwere, ndipo palibe amene anauza abale a omwalirawo koti azilowera. Ababa anawapeza osalakwa. Lolemba anabwerera ku mapampu awo, ndipo nyumba ija ndinakuliramo mpaka ndinapita kukoleji.

Kwa zaka zambiri ndinkafotokoza nkhaniyi ngati phunziro la malamulo: usasaine chimene sukuvomereza, funsa mafunso, nena zoona ngakhale zikuoneka ngati zikupha. Zonsezo n'zoona. Koma mu Juni chaka chino ndinaika mkazi wanga m'manda, ndipo tsopano ndikudziwa kuti ntchito ndi nyumba sizinali zokhazo zimene zinagwira dzanja la ababa kupolisi kuja. Pepalalo linkafuna kuti alembe dzina lawo pansi pa mawu akuti kupita kwa mkazi wawo kunali kulakwa. Inenso sindingasaine.